Tsiku Limene Wiza Anasintha Kompyuta ya Mayi Ake

Kompyuta inaima NyaManda ali pakati pa tsamba lachinayi. Anagwedeza mausi, koma kamuvi ka pasikirini sikanasunthe. Anadina batani ili ndi ilo, zilembo zili chiimire. Mtsikana wa ku yunivesite amene ankadikira ntchito yakeyo anayang'ana nthawi pafoni, n'kuyamba kusonkhanitsa mapepala ake.

"Pepani mama, ndikayese kwina. Kalasi yatsala pang'ono kuyamba."

"Pita mwananga, palibe mlandu," anatero NyaManda. Anamuperekeza ndi maso mpaka analowa m'shopu yatsopano ya kutsidya kwa msewu, ija ya magalasi kutsogolo.

Mwana wamkazi wa NyaManda, Wiza, anaona zonsezi ali pabenchi ya makasitomala, akadali mu yunifolomu. Anali mu Fomu 3, ndipo masiku ambiri akaweruka ankatsika minibasi ku Luwinga kudzathandiza mayi ake kusesa ndi kumanga mapepala ndi sitepula, kenako n'kupitira limodzi kunyumba ku Ching'ambo. Kashopuko kanali kachipinda kamodzi: tebulo, benchi, pulinta ndi kompyuta yotuwa imene inagulidwa Wiza asanayambe n'komwe sukulu. Koma ndi kamene kankadyetsa banja. Chiyambire kuchuluka kwa ophunzira pa yunivesite, Luwinga inali itadzaza ndi nyumba za lendi ndi timashopu tatsopano, ndipo ambiri mwa eni timashoputo anali achinyamata okhala ndi makina amakono. NyaManda ankadalira makasitomala akale, amene ankadziwa kuti kalata ikadutsa m'manja mwawo imatuluka yopanda cholakwika.

"Amama, ine ndingathe kuikonza," anatero Wiza, mayi ake akuzimitsa kompyutayo pakhoma kuti aiyatsenso.

"Yakalamba iyi. Chokonza palibe."

"Vuto si makinawa ayi. Vuto ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Ikuilemera. Ku kalabu ya makompyuta kusukulu, aphunzitsi athu, Sala Kumwenda, anatiphunzitsa kuika ina, dzina lake Linux. Ilipo ya mtundu wopepuka, yoyenera makompyuta akale ngati iyi, ndipo ndi yaulere. Ndaikapo kale pa makompyuta awiri a kusukulu. Akuthamanga chomene."

"Zotayipira zilimo?"

"Zonse zilimo, amama."

NyaManda anayang'ana sikirini imene inali ikudzuka pang'onopang'ono ngati munthu wodwala malungo.

"Tidzaone ophunzira akatsekera. Panopa ndili ndi ntchito za anthu. Ya Gideon yokha, wa chaka chomaliza ku yunivesite uja, ndi masamba oposa makumi asanu ndi limodzi, yatsala chaputala chomaliza, ndipo akukapereka Lachisanu la sabata yamawa. Usaigwire, wamva?"

Wiza anavomera ndi mutu, koma mumtima sanavomere. Ankaona kuti mayi ake akungoopa chinthu chimene sakuchidziwa, pamene makasitomala akuwolokera kutsidya tsiku ndi tsiku.

Loweruka NyaManda anapita ku ukwati wa mwana wa achimwene awo ku Nkhata Bay. Anamusiyira Wiza makiyi kuti akatsegule m'mawa wokha n'kupereka mapepala amene anali atasindikizidwa kale. Kunali kozizira tsiku limenelo, mvula yowaza ija ya ku Mzuzu ikugwa mosalekeza, ndipo pofika 10 koloko onse oyenera kutenga mapepala anali atatenga. Wiza anatseka chitseko, natulutsa mafulashi awiri osungiramo mafayilo amene anabwereka ku kalabu.

Anagwira ntchitoyo mosamala monga anaphunzitsidwira. Anakopera mafayilo onse a mayi ake pa fulashi yoyamba, natsegula angapo kuti atsimikize kuti akopedwadi. Kenako analowetsa fulashi yachiwiri, ija yokhala ndi Linux. Pamene sikirini inafunsa ngati ifufute zonse zimene zinali m'kompyutamo, chala chake chinaima kaye m'mwamba. Anakumbukira mawu a mayi ake. Koma anakumbukiranso msana wa mtsikana uja akuwoloka msewu, ndipo anadina.

Ola lisanathe, ntchito inali itatha. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, ndipo asanamalize kupukuta tebulo, inali itadzuka kale. Anatsegula pulogalamu yotayipira, inatseguka nthawi yomweyo. Wiza anaseka yekha m'chipindamo. Anabwezera mafayilo onse, n'kuwaika m'foda imodzi imene anaibisa bwinobwino mkati kuti sikirini izioneka yoyera. Za pulinta sanaziganizire. Anakhoma chitseko, natsimikiza zosanena chilichonse kunyumba kuti mayi ake akadzionere okha Lolemba.

Lolembalo kusukulu nthawi sinkayenda. Ataweruka anathamangira minibasi, akumva kale m'maganizo mwake mayi ake akumuyamikira. Koma atafika pakhomo pa shopu anapeza zachilendo. Pulinta inali duu. Pabenchi panali Gideon, wophunzira wa chaka chomaliza uja, atagwira mutu ndi manja onse awiri, ndipo pambali pake panali mayi wina wachikulire atanyamula envulopu. NyaManda anali pampando wawo, manja ali pamiyendo. Maso awo anali ofiira.

"Wiza," anatero motsitsa mawu, "ntchito za anthu zili kuti?"

"Zilimo amama. Zonse zilimo."

Anawerama paphewa pa mayi ake, nagwira mausi. Anadina kawiri katatu, foda ija inatseguka, ndipo mayina a makasitomala onse anaonekera. Gideon anadzuka n'kuyandikira. Ataona dzina lake anapuma mpweya wautali, nakhalanso pansi. Wiza anatsegula malo okonzera pulinta, anasankha dzina lake pamndandanda, ndipo posakhalitsa makinawo analira n'kulavula pepala.

"Mwaona? Palibe chatayika," anatero Wiza akumwetulira, akuyang'ana kwa makasitomala kuposa kwa mayi ake. "Ndi zosavuta izi amama. Ngakhale mwana wa Sitandade 5 akanazipeza. Munangofunika kuyang'ana."

Mayi wa envulopu uja anaseka pang'ono, kenako anadzigwira pakamwa. NyaManda anaimirira, nakonza chitenje chawo, natenga chikwama.

"Chabwino. Mpandowu khalapo ndiwe."

Anatuluka osayang'ana m'mbuyo. Madzulo ake kunyumba anaphika, anadya, koma za shopu sanatchule. Lachiwiri m'mawa anati mutu ukuwawa, ndipo makiyi anawasiya patebulo.

Wiza anawatenga. Mumtima ankati akaonetsa kuti ntchito ikhoza kuyenda. Ataweruka anakatsegula shopu, ndipo pasanapite nthawi Gideon anafika ndi mapepala khumi ndi asanu olembedwa pamanja, napereka moni.

"Mwatandala uli, sisi? Mama kulibe?"

"Sakupeza bwino. Koma ndikutayipirani ine."

Gideon anazengereza, kenako anapereka mapepalawo. Wiza anawayang'ana. Zilembo zake zinali zing'onozing'ono, zopendekera, zina zokwerana. M'mbali munali mivi yoloza uku ndi uko, ndi mawu ofupikitsidwa amene sanawamvepo. Anayamba kutayipa ndi zala zinayi zimene ankagwiritsa ntchito nthawi zonse, akuyang'ana pepala, kiyibodi, sikirini, n'kubwereranso papepala. Mzere uliwonse ankafunsa.

"Apa mwalemba chiyani?"

"Nthaka. Kukokoloka kwa nthaka."

"Nanga muvi uwu ukupita kuti?"

"Ndime imeneyo ipite kumapeto. Mama amadziwa kale, safunsa."

Kompyuta sinaime ngakhale kamodzi. Inkadikira Wiza, osati Wiza kuidikira. Koma ola ndi theka litatha, masamba anali awiri okha. Gideon atawawerenga anatulutsa bolopeni n'kuyamba kulemba mizere kunsi kwa zolakwika. Atafika pa cholakwika cha khumi ndi chimodzi analeka.

"Sisi, sindikukunyozani. Koma tikayenda chonchi, Lachisanu lindipeza ndili pakati. Kutsidyako ndinapitako kale chaka chatha, anandibwezera mapepala, akuti zolemba zanga siziwerengeka. Mu Luwinga monse muno amene amawerenga dzanja langa ndi mama okha. Zaka zinayi ndakhala pasukulu pano, ndipo zonse zatsamira pa pepala limeneli." Anapinda mapepala ake mosamala. "Mukawauze kuti ndikuwapempha."

Wiza anakhala yekha m'shopumo kwa kanthawi, akuyang'ana sikirini yake yoyera ija. Inkaoneka yokongola ndithu, koma sinamusangalatse ngati Loweruka.

Lachitatu linali tsiku la kalabu. Anzake atatuluka, Wiza anatsalira n'kuwafotokozera Sala Kumwenda zonse, kuyambira pa mafulashi mpaka pa mawu amene ananena pamaso pa makasitomala. Aphunzitsiwo ankamvetsera akukulunga nthambo ya magetsi.

"Mafayilo unasunga kaye, pamenepo wachita bwino," anatero. "Koma tandiuza. Iweyo, tsiku loyamba kuona Linux muno, unapeza zinthu?"

"Ayi, Sala. Ndinasochera."

"Zinakutengera nthawi yaitali bwanji kuti uzolowere?"

"Pafupifupi teremu yonse."

"Pamene unkasocherapo, panali munthu atakuimirira kumbuyo kudikira ntchito yake?"

Wiza anayang'ana pansi. Sala Kumwenda anapachika nthambo ija pamsomali, namuuza kuti atseke mawindo potuluka.

Tsiku limenelo sanapite ku Luwinga. Analunjika kunyumba, napeza mayi ake kuseri akuanula zovala chifukwa mitambo inali itayambanso kuda. Anaika chikwama pansi, nagwira mbali ina ya nsalu yofunda kuti apinde limodzi.

"Amama, ndinalakwa. Munandiletsa, ine sindinamve. Ndiponso zimene ndinayankhula zija sizinali zoyenera. Pepani chomene."

NyaManda anapitiriza kupinda. Anamaliza nsaluyo, natenga ina, kenako ndi pamene anayankhula.

"Ukudziwa zimene zinachitika Lolemba m'mawa? Ndinayatsa kompyuta, ndinapeza chinthu chimene sindinachionepo. Mafayilo anga onse amakhala pamaso pompo, iliyonse pamalo pake. Panalibe ngakhale imodzi. Ndinazimitsa, ndinayatsanso, chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti yapsa. Gideon atabwera ndinamuuza kuti mwina ntchito yake yatayika, ndipo ndinaona mnyamata wamkulu uja akukhala pabenchi atagwira mutu. Kuyambira 8 koloko mpaka iwe kufika, ndinakhala ndi mtima umenewo. Kukuimbira sindikanatha, foni kusukulu simuloledwa."

Wiza anamva misozi ikubwera. Zimenezi sanaziganizirepo. Iye Lolemba lonse ankangoganiza za kuyamikiridwa.

"Ine sindiopa kuphunzira, Wiza. Ndinayambira pa taipi ya manja, ija yomenya ndi mphamvu, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Makompyuta atabwera, anzanga ambiri anasiya ntchito. Ine ndinkatsalira mu ofesi nthawi ya nkhomaliro, anthu onse atatuluka, kudziphunzitsa ndekha. Koma ndinkaphunzira chitseko chili chotseka. Pamaso pa kasitomala munthu suphunzira."

"Ngati mukufuna, ndikapempha Sala Kumwenda andithandize kubwezeretsa yakale ija," anatero Wiza. "Ikhala ngati mmene inalili."

Mayi ake anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba chiyambire Lolemba.

"Kodi dzulo kompyutayo inaima?"

"Sinaime ngakhale kamodzi. Amene ndimaima ndi ine. Masamba awiri okha, amama, zolakwika khumi ndi chimodzi. Gideon akuti akukupemphani."

Pakona pa milomo ya NyaManda panaoneka kakumwetulira kamene anayesa kukabisa. Analowetsa zovala m'nyumba, natuluka atavala juzi.

"Tenga ambulera. Tiye ukandionetse."

Anafika ku Luwinga cha m'ma 4 koloko. NyaManda anatseka chitseko ndi kukoka katani, nakhala pampando wawo. Wiza anakoka benchi n'kukhala pambali. Atangoona kamuvi kakupita kolakwika, dzanja lake linanyamuka lokha kulunjika pa mausi. Analibweza, nakhalira manja onse awiri.

"Mukufuna zinthu zizikhala pati, amama?"

"Mafoda a anthu abwerere pamaso. A ophunzira kumanzere, makalata a ntchito pakati, za mipingo ndi maukwati kumanja. Ndikaona dzina, ndimadziwa pamene ntchito yafika."

Wiza anawafotokozera mmene angawakokere, ndipo NyaManda anawakoka okha, imodziimodzi. Poyamba ankachedwa. Kawiri anatseka pulogalamu mosafuna, ndipo Wiza analuma mlomo, nangonena kuti, "Yesaninso, palibe chawonongeka." NyaManda anatulutsa kope lakale m'dirowa n'kumalemba njira iliyonse m'mawu awoawo. Anafunsa za kukula kwa zilembo, za manambala a masamba, za malire a pepala. Funso lina Wiza analephera kuyankha, ndipo anavomera kuti sakudziwa. Anafufuza limodzi mpaka amene anapeza anali mayi ake.

Kenako NyaManda anatsegula tsamba latsopano, naika zala zonse khumi pa kiyibodi. Anatayipa ndime yathunthu maso ali pawindo. Anayesa mabatani amene ankagwiritsa ntchito posunga ntchito ndi podetsa zilembo, osagwira mausi, ndipo onse anagwira monga kale.

"Ah, ndiye kiyibodi ndi yomweyi," anatero. "Angosuntha mipando m'nyumba." Anatayipanso mzere wina, mofulumira kwambiri, kuyesa ngati kompyuta itsalire m'mbuyo monga inkachitira. Zilembo zinkatuluka limodzi ndi zala zawo. "Muimbire Gideon. Abweretse mapepala ake mawa 7 koloko."

Lachinayi Wiza atafika kuchokera kusukulu, anamva phokoso la kiyibodi ali panja. Masamba khumi ndi asanu aja anali atatha, ndipo mayi ake anali akutayipa kale kalata ya munthu wina. Gideon anali pabenchi akuwerenga chaputala chake mzere ndi mzere, bolopeni ili m'manja, koma sanapeze poilembetsa. Panali vuto limodzi: tebulo la manambala la m'chaputala chachitatu linali litasokonekera pang'ono potsegulidwa m'pulogalamu yatsopanoyo. NyaManda ndi amene analiona, ndipo anali atalikonza kale asanasindikize.

"Yewo chomene, mama," anathokoza Gideon, atakumbatira mulu wa mapepala pachifuwa. Ali pakhomo anatembenuka. "Kunyumba kumene timachita lendi kuli laputopu ya mnzanga imene anaisiya pansi pa bedi, akuti yafa. Imeneyonso ingadzuke?"

Wiza anatsegula pakamwa, koma anayamba wayang'ana mayi ake.

"Abwere nayo Loweruka mwini wakeyo," anatero NyaManda. "Mwana wanga aione. Iyeyu zimenezi amazitha."

Mawu amenewo Wiza anayenda nawo mumtima mpaka ku Ching'ambo.

Patapita milungu itatu, Sala Kumwenda anamuitana nthawi yopuma. Anamuuza kuti ahedi avomera kuti kompyuta ya mu ofesi ya sukulu, imene inkachedwetsa mayeso ndi makalata a makolo, iikidwenso Linux, ndipo ntchitoyo aipereka kwa iye. Anamutambasulira fulashi.

"Ukhoza kuyamba lero ukaweruka. Ofesi imakhala yopanda anthu."

"Sala, fulashiyo isungeni kaye," anatero Wiza. "Ndidzaitenga sabata yamawa."

Ataweruka anang'amba pepala pakati pa kope lake, napita ku ofesi. Mayi Keziya Mwafulirwa, kalaliki amene anagwira ntchito pasukulupo zaka zambiri, anali akutseka madirowa. Atamva chimene Wiza wadzera, nkhope yawo inasintha, ndipo anaika dzanja pamwamba pa kompyutayo ngati akuiteteza.

"Ndamva kale mphekesera zake. Ndiye mwabwera kudzandisokonezera zinthu?"

"Ayi, madamu. Lero sindigwira kanthu. Ndimafuna mundionetse mmene mumagwirira ntchito, kuyambira mukangoyatsa m'mawa. Ndi zinthu ziti zimene simukufuna kuti zisunthe, ndiponso ndi tsiku liti limene mulibe ntchito yachangu. Mukaona kuti simunakonzeke, tidikira."

Mayi Mwafulirwa anamuyang'anitsitsa kwa kanthawi. Kenako anachotsa dzanja pa kompyuta paja, nakoka mpando wachiwiri.

"Khala apa. Koma ulembe bwino, chifukwa ndi zambiri."